Kugona m'Chipatala cha Matenda a Maganizo Mwakufuna Kwanu

Amayi, mwezi ndi mwezi mumabwera kuno kusikelo muli ndi ana kumbuyo. Timawayeza kulemera, timawapatsa katemera, ndipo timakambirana za phala, za madzi akumwa ndi za zimbudzi. Zonsezi ndi za mwana. Phunziro la lero ndi la inu eni ake, pakuti mwana sangakule bwino pamene mayi ake akudwala, ndipo matenda ena a mayi saoneka pa sikelo ngakhale pa choyezera kutentha kwa thupi. Amenewa ndiwo matenda a maganizo.

Anthu ambiri odwala matenda amenewa amachira ali kwao, akumalandira mankhwala ndi uphungu kuchipatala chapafupi. Koma nthawi zina dokotala amati: "Mayi, ndi bwino kuti mugone m'chipatala kwa kanthawi kuti tikuthandizeni mokwanira. Kodi mukuvomera?" Mau amenewa amaopsa anthu ambiri, kotero kuti ena amachoka osadzabweranso. Phunziro lino likufotokozerani zimene zimachitika munthu akavomera, kuyambira tsiku lolowa mpaka tsiku lobwerera kumudzi, kuti funso limeneli likadzafikira inu, mchemwali wanu kapena mwana wanu, mudzayankhe mukudziwa.

GWERO LA MANTHA ATHU

Mantha amene tili nawo ali ndi chiyambi chake. M'chaka cha 1910, pamene boma la atsamunda linayamba kusunga anthu odwala misala, linawaika m'chigawo china cha ndende ya Zomba, ndipo owayang'anira anali asilikali a ndende. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental Hospital chinatsegulidwa mu 1953. Mankhwala oyamba otha kuchepetsa misala, otchedwa chlorpromazine, anayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952. Isanafike nthawi imeneyo, odwala ankangosungidwa, popeza panalibe mankhwala owachiza. Makolo athu anaona anthu akutengedwa ali omangidwa, ena osabwerako, ndipo nkhani zake zinatsala m'midzi kufikira lero.

Masiku ano amene amasamala odwala ndi madokotala, anamwino ndi aphungu ophunzira ntchito imeneyi. Cholinga chogoneka munthu ndi chakuti apeze bwino, abwerere kwao.

KULOWA MWAKUFUNA KWANU N'KUTANI?

Pali njira ziwiri zolowera m'chipatala chotere. Yoyamba ndi ya munthu amene akuzindikira kuti sakupeza bwino, wamva malangizo a dokotala, ndipo wavomera yekha kugonekedwa. Yachiwiri ndi ya munthu amene matenda amusokoneza kwambiri mwakuti sakudziwa kuti akudwala, ndipo akhoza kudzivulaza kapena kuvulaza ena. Wotereyu amagonekedwa motsata malamulo ngakhale iye akukana. Lamulo la m'chaka cha 1948 lonena za chisamaliro cha odwala matendawa linasiyanitsa kale njira ziwirizi.

Phunziro lathu likunena za njira yoyamba ija. Wolowa mwakufuna kwake satengedwa ndi apolisi, sapita kubwalo la milandu, ndipo alibe mlandu uliwonse. Iye ndi wodwala monga mayi amene wagonekedwa chifukwa cha chibayo kapena kuchepa kwa magazi. Amapemphedwa kusaina kapena kudinda chala pa pepala losonyeza kuti wavomera. Musanasaine, pemphani kuti akuwerengereni ndi kukumasulirani mau ake m'chinenero chimene mumamva. Musachite manyazi kufunsa kawiri. Safunsa anadya phula.

NDI LITI PAMENE MAYI AFUNIKA KUGONEKEDWA?

Si kulira kulikonse kumene kuli matenda. Amayi ambiri, pa tsiku la 3 mpaka la 5 atabereka, amangolira popanda chifukwa, amakwiya msanga ndiponso amada nkhawa. Zimenezi zimatha zokha isanathe milungu 2. Chofunika apa ndi kupuma, chakudya chabwino ndi kuthandizidwa ntchito za pakhomo.

Nthenda ya kukhumudwa ndi ina. Mayi amakhala wosakondwa tsiku ndi tsiku kupitirira milungu 2, sakhumba chakudya, tulo sitibwera ngakhale mwana ali m'tulo, amadziona wachabechabe, ndipo ntchito zimene ankazikonda zimamulemera. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati m'maiko amene akukwera kumene, pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 5 alionse amene angobereka kumene amavutika maganizo, makamaka ndi nthenda imeneyi. Ambiri mwa iwo amachira osagonekedwa. Koma mayi akayamba kuganiza zodzipha, akaleka kudya ndi kumwa, kapena akayamba kuopa kuti avulaza mwana wake, malo abwino kwa iye ndi m'chipatala.

Palinso kusokonezeka mutu kumene kumagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa amayi 1,000 obereka. Kawirikawiri kumayamba mwadzidzidzi m'milungu 2 yoyamba, nthawi zina mayi asanatuluke n'komwe m'chikuta. Iye sagona usiku wonse, amalankhula zosagwirizana, amamva mau a anthu amene palibe, kapena amanena kuti mwanayo si wake. Imeneyi ndi ngozi yofanana ndi kutaya magazi: pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Nthendayi imaopsa poiona, koma amayi ambiri amachira bwinobwino akalandira chithandizo.

Pa ntchito yanga yoyendera zitsime ndi zimbudzi m'midzi, ndinafika pakhomo pena pamene ndinapeza mayi ali chikhalire kuseri kwa nkhokwe, mwana wa miyezi 2 akulira m'manja mwa apongozi ake. Apongoziwo anati ndi ulesi, anansi anati ndi zamatsenga. Titakhala pansi, mayiyo anandiuza motsitsa mau kuti usiku uliwonse ankaganiza kuti ana ake akanakhala bwino iye atafa. Tinapita naye kwa namwino, ndipo m'mawa mwake anavomera yekha kugonekedwa. Anakhalako pafupifupi mwezi. Patapita miyezi ingapo ndinamuona pamzere wa sikelo, mwana ali kumbuyo, akuseka ndi anzake. Anandiuza kuti chimene chinamuvuta koposa sichinali chipatala ayi, koma ulendo wopitako, popeza sankadziwa zimene akapeze.

NJIRA YAKE NDI YOTANI?

Yambani kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Uzani namwino wa kusikelo, mzamba kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Iwo adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu, kumene kuli anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo. Odwala ena amagonekedwa komweko kwa masiku ochepa ndipo amapeza bwino. Amene afunika chithandizo choposa amapatsidwa kalata yopita nayo ku Zomba Mental Hospital, chimene ndi chipatala chachikulu cha boma cha matendawa, kapena ku zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Musanyamuke ulendo wautali popanda kalata. M'zipatala za boma chithandizo chimenechi ndi chaulere, koma banja liyenera kukonzeratu ndalama zoyendera pokazonda wodwala ndi pokamutenga.

KUKONZEKERA ULENDO

Mtima wa mayi sungakhazikike m'chipatala ngati sakudziwa amene akusamala ana ake. Chifukwa chake musananyamuke, khalani pansi ndi bambo a kunyumba, ankhoswe kapena amayi anu, mugwirizane zinthu izi:

1. Ndani adzagona ndi ana, kuwaphikira ndi kuwasambitsa? Tchulani munthu mmodzi ndi dzina, osangoti "abale adzaona".

2. Mabuku a kusikelo a ana asiyidwe m'manja mwa munthu ameneyo. Muuzeni tsiku la sikelo. Katemera wa pa milungu 6, 10 ndi 14, ndiponso wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi 15, asaphonyedwe chifukwa chakuti mayi ali m'chipatala.

3. Ngati muli ndi mwana woyamwa, nkhani yake ikambidwe ndi achipatala musanagonekedwe. Funsani ngati mwanayo angakhale nanu kapena kubweretsedwa kudzayamwa. Ngati atsala kunyumba ndipo sanakwane miyezi 6, namwino alangize womusamalayo za kadyetsedwe koyenera. Khanda lotere lisapatsidwe phala, thobwa, tiyi kapena mkaka wa ng'ombe.

4. Auzeni ana okulirapo zoona, m'mau osavuta: "Amayi akudwala, apita kuchipatala, adzabwera akapeza bwino." Mwana amene wabisiridwa amaganiza kuti mayi ake amuthawa.

Inu mutenge buku lanu la kuchipatala, kalata yokutumizani, ndi mankhwala onse amene mukumwa, monga ma ARV, a chifuwa chachikulu, a kuthamanga kwa magazi kapena a kulera. Mutengenso zitenje, zovala zochepa zosinthira, juzi, sopo, mswachi, mafuta odzola, nsalu zapamwezi, kapu ndi mbale. Ndalama zambiri ndi zinthu za mtengo wapatali zitsale kunyumba. Pitani ndi mbale wanu amene amakudziwani bwino, pakuti achipatala adzafuna kumva kwa iyenso.

TSIKU LOYAMBA

Mukafika, dokotala kapena namwino adzakhala nanu pansi ndi kukufunsani mafunso ambiri: vutoli linayamba liti, mumagona bwanji, mumadya bwanji, pakhomo pali mtendere kapena ayi, kubanja kwanu alipo anadwalapo chotere, mumamwa mowa kapena kusuta chamba. Adzakufunsaninso mosabisa ngati munaganizapo zodzipha kapena zovulaza mwana. Funso limeneli amafunsa wina aliyense. Yankhani zoona. Kunena maganizo otere si mlandu, ndipo kumathandiza kuti akusamaleni moyenera.

Pambuyo pake adzakuyezani thupi lonse: kutentha, kuthamanga kwa magazi, kulemera, ndipo mwina adzatenga magazi ndi mkodzo. Amatero chifukwa matenda ena a m'thupi, monga malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, kachirombo ka HIV ndi mafinya a m'chiberekero pambuyo pobereka, amathanso kusokoneza mutu. Akapeza nthenda yotere, amayamba achiza imeneyo. Ngati muli ndi pakati kapena mukukayika, nenani pomwepo. Nenaninso ngati mwamwa mankhwala a zitsamba. Sadzakukalipirani. Akufuna kudziwa kuti asakupatseni mankhwala osagwirizana ndi amenewo.

Musanalowe m'wodi, namwino adzaona katundu wanu. Malezala, masingano, mipeni, machesi, zingwe ndi mankhwala ochokera kunyumba zimasungidwa ndi achipatala kapena kubwezedwa ndi mbale wanu. Lamulo limeneli ndi la odwala onse, ndipo limateteza inu pamodzi ndi anzanu.

Usiku woyamba ndi wovuta kwa aliyense. Malo ndi achilendo, ana ali kutali, ndipo mwina mudzalira. Musadzione ngati mwalakwitsa pobwera. Anamwino amakhalapo usiku wonse ndipo amayendera odwala atsopano kawirikawiri. Tulo tikavuta, auzeni.

MOYO WA M'WODI

Amayi amagona m'mawodi awo, abambo m'mawodi awonso. Tsiku limayenda mwadongosolo: kudzuka, kusamba, kuyala pogona, kudya phala, kulandira mankhwala, kenaka nsima masana ndi madzulo, ndi kugona pa nthawi yake. Dongosolo limeneli ndi mbali ya chithandizo, pakuti mutu wotopa umapuma bwino pamene kudya ndi kugona zili ndi nthawi yake. Mankhwala amamwedwa namwino akuona.

Pa masiku oikika, madokotala amayendera odwala. Nthawi zina amabwera angapo pamodzi ndi ophunzira, ndipo zimenezi zikhoza kukuchititsani manyazi. Muli ndi ufulu wopempha kulankhula ndi dokotala pambali. Konzekeranitu zimene mukufuna kunena: mmene mwagonera, chimene chasintha, chimene chikukuvutani ndi mankhwala. Palinso nthawi yocheza ndi mphungu, nokha kapena pagulu, ndiponso ntchito za manja monga kuluka, kusoka, kusesa, kuimba ndi masewera olimbitsa thupi. Musazione ngati zachibwana. Manja akayamba kugwira ntchito, dokotala amadziwa kuti maganizo ayamba kubwerera m'malo.

Tisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma. Zipatala zathu zimadzaza, ndipo anamwino ndi ochepa poyerekeza ndi odwala. Zitseko za mawodi ena zimakhala zokhoma pofuna kuteteza odwala amene angasochere. Mudzaona anthu odwala kwambiri kuposa inu: wina akufuula, wina akulankhula yekha, wina osalankhula konse. Wodwala akalusa, amabayidwa jekeseni yomukhazika mtima pansi, ndipo nthawi zina amaikidwa m'chipinda chayekha kwa kanthawi. Musaganize kuti inunso mudzafika pamenepo. Matenda a maganizo sapatsirana. Ambiri mwa anthu amene adzakuopsani tsiku loyamba mudzawaona akucheza bwinobwino patapita milungu ingapo. Wina akakuvutitsani, musabwezere, uzani namwino.

Achibale amaloledwa kudzakuonani pa nthawi zoikika. Alimbikitseni kubwera, pakuti wodwala amene amazondedwa amalimba mtima, ndipo dokotala amafuna kukambirana ndi banja asanamutulutse. Kupemphera sikuletsedwa. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana.

MANKHWALA NDI ZOTSATIRA ZAKE

Mankhwala a matenda a maganizo ali m'magulu. A kukhumudwa, monga amitriptyline ndi fluoxetine, sagwira ntchito tsiku lomwelo. Amatenga milungu 2 mpaka 4 kuti munthu ayambe kumva kusintha. Apa m'pofunika kupirira, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. A kusokonezeka mutu, monga chlorpromazine, haloperidol ndi risperidone, amayamba ndi kubweretsa tulo ndi kukhazika mtima pansi, ndipo mau achilendo aja amazilala pang'onopang'ono. Ena amapatsidwa jekeseni yogwira ntchito milungu ingapo m'malo mwa mapiritsi a tsiku ndi tsiku.

Mankhwalawa ali ndi zovuta zake zimene muyenera kuzidziwiratu: kuwodzera, kuuma m'kamwa, kudzimbidwa, chizungulire poimirira msanga, kunenepa, ndi kusintha kwa msambo. Ena amaumitsa thupi, amanjenjemeretsa manja kapena kuchulukitsa malovu. Nthawi zina khosi limapindika, lilime limalemera kapena maso amatembenukira kumwamba. Zimenezi zimaopsa, koma si ufiti ndiponso si kukula kwa matenda. Itanani namwino msanga, pakuti pali mankhwala, monga benzhexol, amene amathetsa vutoli, ndipo dokotala akhoza kuchepetsa muyeso kapena kusintha mtundu. Musabise mapiritsi pansi pa lilime n'kukalavula. Mukatero dokotala adzaganiza kuti mankhwala akuchepa mphamvu, ndipo adzaonjezera.

Kwa amayi a msinkhu wobereka pali machenjezo awiri. Mankhwala otchedwa sodium valproate akhoza kulemaza mwana amene ali m'mimba, choncho musawamwe musanakambirane ndi dokotala za pakati ndi za kulera. Mankhwala otchedwa carbamazepine amachepetsa mphamvu ya mapiritsi a kulera ndi njira ya kulera yoika pamkono, ndiponso sagwirizana ndi ma ARV ena. Funsani dzina la mankhwala alionse amene mwapatsidwa, ndipo lilembedwe m'buku lanu.

ZA KUYAMWITSA

Amayi ambiri amaopa kuti mankhwala aononga mkaka, kapena kuti mwana ayamwa matenda. Mwana sangatenge matenda a maganizo kudzera m'bere. Mankhwala ambiri amalola mayi kupitiriza kuyamwitsa, ndipo ochepa okha ndiwo saloleza. Dokotala akadziwa kuti mukuyamwitsa, amasankha oyenera. Inu muziona mwana: ngati akugona mopitirira muyeso, akulephera kuyamwa kapena wafooka, nenani msanga. Ngati mwana watsala kunyumba, finyani mkaka kangapo pa tsiku kuti mabere asatupe ndiponso kuti mkaka usaume. Mukabwerera, muikeni kubere kawirikawiri ndipo mkaka udzachulukanso. Mkaka suwawasa m'bere chifukwa chakuti mwana wakhala masiku osayamwa.

UFULU WANU

Kudwala maganizo sikuchotsa umunthu wa munthu. Malamulo aakulu a dziko lino a m'chaka cha 1994 amateteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo wodwala ali momwemo. Muli ndi ufulu wouzidwa dzina la nthenda yanu ndi chithandizo chake, wofunsa musanavomere, wosungiridwa chinsinsi, ndiponso wosamenyedwa kapena kunyozedwa ndi wina aliyense. Ngati mwachitiridwa zosayenera, uzani mkulu wa anamwino m'wodimo. M'zipatala zambiri za boma mulinso ofesi ya Ombudsman wa pachipatala, yolandira madandaulo a odwala ndi abale awo.

Nanga mukafuna kutuluka dokotala asanakutulutseni? Popeza munalowa mwakufuna kwanu, muli ndi ufulu wopempha kutuluka. Musathawe usiku kapena kulumpha mpanda. Uzani namwino, ndipo dokotala adzakuonani ndi kumva zifukwa zanu. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala nkhawa ya ana kapena ya kumunda, ndipo nkhani yotere ikhoza kukonzedwa poitana achibale. Akaona kuti palibe choopsa, adzakulolani kupita ndi mankhwala, ngakhale angakulangizeni kuti mukhalebe. Koma dziwani ichi: dokotala akaona kuti matenda akula ndipo moyo wanu kapena wa mwana uli pangozi, akhoza kutsata njira za lamulo kuti mukhalebe m'chipatala kufikira ngoziyo itapita. Tikukuuziranitu zimenezi kuti musadzati munapusitsidwa.

Za kutalika kwa nthawi, palibe chiwerengero chimodzi. Ena amakhala masiku ochepa, ena milungu ingapo. Dokotala amayang'ana ngati mukugona, mukudya, mukudzisamala nokha, maganizo oopsa aja achoka, ndiponso ngati kunyumba kuli wokulandirani. Amene wabwera matenda asanakule ndiye kawirikawiri amabwerera msanga kwa ana ake.

KUBWERERA KUMUDZI

Tsiku lotuluka mudzapatsidwa mankhwala, ndipo m'buku lanu mudzalembedwa tsiku ndi malo okaonanso dokotala, kawirikawiri kuchipatala cha m'boma lanu. Musanachoke, funsani mafunso atatu awa: Mankhwalawa ndimwa kufikira liti? Akatha ndikatenga kuti? Ndi zizindikiro ziti zimene ndikaziona ndibwerenso msanga?

Kutuluka m'chipatala si kutha kwa chithandizo. Mankhwala a kukhumudwa amamwedwa miyezi yosachepera 6 munthu atayamba kupeza bwino, ndipo ena amamwedwa nthawi yaitali kuposa pamenepo. Anthu ambiri amene amagonekedwa kachiwiri ndi amene analeka mankhwala chifukwa chodziona kuti achira, kapena chifukwa chouzidwa ndi anansi kuti aleke. Pitani kukatenga ena akale asanathe. Pewani mowa ndi chamba. Musalowe nthawi imodzi m'ntchito zonse za pakhomo ndi za kumunda. Yambani pang'ono, ndipo usiku wina azikuthandizani kulera khanda kuti mugone mokwanira, pakuti kusowa tulo kumadzutsa matendawa. Kusagona masiku awiri kapena atatu otsatizana ndi chenjezo loyamba.

Milungu yoyamba mutatuluka ndiyo yofunika kusamala kwambiri. Banja lichotse m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi ena oopsa, ndipo mapiritsi anu asungidwe ndi munthu wamkulu wodalirika, kutali ndi ana. Maganizo ofuna kufa akabweranso, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala, osadikira tsiku lolembedwa m'buku.

Mayi amene anasokonezeka mutu pambuyo pobereka akhoza kudwalanso pa uchembere wotsatira. Chifukwa chake kambiranani ndi bambo za kulera, ndipo mukadzafuna mwana wina, yambani mwaonana ndi dokotala. Mukadzayamba sikelo ya amayi apakati, auzeni azamba mbiri yanu kuti adzakuyang'anireni bwino.

Kumudzi ena adzanong'ona, ena adzakutchulani maina. Simukakamizidwa kufotokozera aliyense. Kwa wofunsa, n'kokwanira kunena kuti, "Ndinadwala, ndinagonekedwa, tsopano ndili bwino."

MAU KWA ABAMBO NDI ACHIBALE

Amayi, kapepala aka mukawerengere abambo, apongozi ndi ankhoswe kunyumba. Inu abambo, mkazi wodwala maganizo si waulesi ndipo sakuchitira dala. Musamumenye, musamumange ndi zingwe, musamutsekere m'nyumba, ndipo musathetse banja chifukwa cha matenda ochizika. Mukataya milungu yambiri mukufunafuna amene wamulodza, matenda amakhala akukula. Muperekezeni kuchipatala, kamuzondeni, ndipo akatuluka mulandireni monga mayi wa ana anu. Musamulande mwana. M'masiku oyamba munthu wamkulu azikhala naye pafupi pamene akusamala khanda, kufikira mphamvu ndi chidaliro zitabwerera. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo inu amayi amene muli bwino lero, yang'anani anzanu pamzere uno. Ngati pali mnzanu amene waleka kubwera kusikelo, amene mwana wake akutsika sikelo pamene chakudya chilipo, kapena amene waleka kuseka ndi kudzisamala, kamuchezereni, mumufunse mmene akumvera mumtima. Akakuuzani zoopsa, musamuseke ndipo musakafalitse kuchitsime. Bwerani naye kwa namwino.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi kulowa m'chipatala mwakufuna kwanu kukusiyana bwanji ndi kugonekedwa mokakamizidwa?

2. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti mayi amene wangobereka kumene afunika kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

3. Ndi zinthu ziti zokhudza ana zimene banja liyenera kugwirizana mayi asanagonekedwe?

4. Wodwala achite chiyani khosi likauma kapena manja akayamba kunjenjemera atamwa mankhwala?

5. Mayi akafuna kutuluka dokotala asanamutulutse, atsate njira yotani?

6. Kodi m'mudzi mwanu anthu amamulandira bwanji munthu wochokera kuchipatala cha matenda a maganizo? Inu mungachitepo chiyani?

Ngati pali china chimene mwachimva m'phunziro lino chokhudza inu eni ake, musapite nacho kunyumba. Tsalirani sikelo ikatha, mulankhule ndi namwino pambali.